Kupita ku Tete ndi Apongozi, Kamakina ndi Nkhuku

Kuno, kumidzi ya kuseri kwa Chiputo, mkamwini ndi apongozi ake aakazi sayang'anana m'maso. Mukakumana panjira, wina amapatukira kutchire ngati waona njoka. Ine ndinakhala zaka zisanu ndi chimodzi pamudzi wa mkazi wanga Lusiya osalankhulapo ndi amayi ake, a Naphiri, ngakhale liwu limodzi. Mawu athu onse ankadzera kwa Lusiya. Mwambo umati manyaziwa amatha apongozi akakupatsa nkhuku, ndipo akamwini anzanga analandira zawo mwana woyamba atangobadwa. Yanga ndikuganiza inali isanaswedwe n'komwe.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. Ine ndine Armandu wa ku Angoniya, ndinabwera ku Fingoe kudzakumba golide. A Naphiri ankauza mwana wawo kuti wokumba golide ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndinasiya maenje, ndinagwira khasu, tinabereka Rozita, koma iwo ankangodikira kuti dzuwa lituluke mame apite.

Apongozi angawa anali ndi nthenda yawo. Tsiku lina anaterereka pamtsinje atasenza dengu la chimanga, n'kugwa chokhala. Kuyambira pamenepo pankawawa malo amodzi, kumanzere, m'munsi mwa msana, pamene fupa la msana limalumikizana ndi fupa la m'chiuno. Kukhala pansi nthawi yaitali kunali nkhondo, kudzuka pamphasa kunali nkhondo ina. Mapiritsi anamwa, mphini anatema, koma zaka zinayi zinatha ululu uli pomwepo. Dimba lawo, limene linkadyetsa tomato theka la mudzi, linamera nsenjere. Ndinkawaona patali ataima m'mphepete mwake atagwira m'chiuno, ndipo ndinkamva chisoni, ngakhale ndinalibe njira yowauzira.

Mlamu wanga Domingu, amene amagwira ntchito ku Joni, anatumiza kabokosi. M'kati munali kamakina kofanana ndi foni, timawaya tiwiri, ndi tizigamba tinayi tomata pakhungu. Lusiya anakaonetsa kwa enfirimera, namwino wa ku Fingoe. Mayiyo anati kamakinako kamagwedeza mitsempha ndi magetsi ochepa kuti ululu uzizire, koma safunsa anadya phula. Anati amayi akapimidwe kaye ku Tete, kwa anthu owongola mafupa ndi minofu, akaone ngati ululuwo ukuchokeradi pamfundo imeneyo, akatiphunzitsenso pomata tizigambato. Analemba giya, kalata yotitumizira kuchipatala chachikulu, ya Lachinayi la sabata yotsatira. Anachenjeza kuti tikaphonya tsikulo tidzapeza lina mvula itagwa, ndipo mvula ikagwa msewu wa ku Chiputo umakhala wa achule okha.

Lusiya anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi itatu, ndipo enfirimera anamuletseratu ulendo. Wotsala anali ine.

"Uwauze kuti ine ndi mkamwini sitingakwere galimoto imodzi," anatero a Naphiri, ine ndili kuseri kwa nkhokwe, ndikumva zonse.

"Ndiye akwere ina izikutsatani pambuyo? Amayi, kodi ndinu bwanamkubwa?" anayankha Lusiya.

Anakangana masiku awiri. Pomaliza anavomera, koma anaika malamulo: iwo patsogolo ine pambuyo, osadya moyang'anana, ndipo mawu alionse adzere mwa munthu wachitatu. Lolemba m'mawa anatuluka m'nyumba atafungatira nkhuku yathadzi yamawangamawanga, yomangidwa miyendo ndi luzi. Ndinati basi, yanga ija yafika. Lusiya anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Musalote masana, bambo a Rozita. Ndi ya adokotala imeneyo."

Mpaka ku Fingoe tinayenda pa mota ziwiri, njinga zamoto. A Naphiri sakanatha kukhala motangalala, choncho anakhala chammbali, atatsamira mbali yosawawa, pa makapulana atatu opindidwa, zitenje za kuno. Woyendetsa mota yawo, bambo wina wandevu dzina lake Jowakimu, ndiye anakhala mneneri wathu woyamba. Tikayenda pang'ono ankaima, amayi n'kutsika, n'kuyendayenda atagwira m'chiuno, kenako iye n'kukuwa.

"Akuti mutalikire, mukuwapumira m'khosi!"

Tinatalikira. Patapita kanthawi anaimanso.

"Akuti mwatalikira kwambiri, mwina mwathawa ndi makina!"

Njira imene anthu amafika dzuwa lisanatenthe, ife tinaidya tsiku lathunthu. Tinagona kwa abale a a Naphiri kuseri kwa msika wa Fingoe, ndipo Lachiwiri m'mamawa tinali kale pa paraje, pokwerera galimoto.

Shapa yopita ku Tete inali kalole kotsegula kumbuyo. Motorista, woyendetsa wake, analiza injini ife titangofika, ine n'kuthamanga ndi katundu, kuopa kutsala. Anthu amene anali atakhala pamthunzi anandiseka. Injiniyo inali nyambo chabe. Ankailiza akaona munthu wachikwama, munthuyo akakwera ankaizimitsa n'kupita kukamwa tiyi. Analiza kasanu, anamwa tiyi kawiri, ndipo tinanyamuka dzuwa lili paliwombo.

Ndinali nditalipirira apongozi mpando wakutsogolo, pafupi ndi motorista, poganiza kuti ndawalemekeza. Anakhalapo nthawi yosakwana kuphika dzira, n'kutsika. Mpando unali wolimba, ndipo kukhala kumene ndiye mdani wawo. Anakwera kumbuyo n'kugona chafufumimba pamatumba a chimanga, nkhuku ili pambali pa mutu wawo. Kobradori, bambo wachikulire wotolera ndalama, anati mpando wolipiridwa sungapite wopanda munthu, ndikhalepo ine. Ndinakhalapo. Sitinatuluke n'komwe m'tauni pamene ndinayamba kumva mawu kumbuyo.

"Taonani akamwini a masiku ano! Iye pampando ngati adiministradori, mayi wachikulire pamatumba ngati mbuzi!"

Ndinagogoda kuti aime. Mpandowo ndinapatsa mayi wina wa mwana wakhanda, ine n'kukwera kumbuyo. Kumeneko kunali vuto lina. Malo otsala anali kumapazi kwa apongozi, ndipo mkamwini sangayang'ane apongozi ake atagona. Ndinakhala pathumba la makala n'kuwafulatira. Motero msewu wonse wa ku Tete ndinauona chambuyo. Musandifunse za mapiri a kutsogolo, ine ndinkaona fumbi ndi kumene tikuchokera.

Mneneri wathu wachiwiri anali Dona Fatima, mayi wonenepa wogulitsa makapulana, amene ankapita kukatenga katundu. Atamva za malamulo athu anasangalala ngati wapatsidwa udindo m'boma. Vuto lake linali limodzi, sankapereka mawu osathira mchere.

"Afunseni ngati akufuna madzi," ndinatero.

"Amayi, mkamwini wanu akuti mtima wake ukusweka kukuonani mukuvutika chonchi. Akuti mumweko madzi kuti iye apeze mtendere."

"Sindikufuna," anayankha a Naphiri.

"Akuti ndinu mwana wabwino, woleredwa bwino, koma pakadali pano ludzu alibe."

Tonse awiri tinkamva zonse, chifukwa pakati pa ine ndi apongozi panali thumba limodzi. Koma palibe amene akanatsutsa popanda kuswa mwambo, choncho Dona Fatima anatikondanitsa mmene anafunira kwa maola atatu.

M'galimotomo munalinso anyamata atatu okumba golide, mmodzi wa iwo ndinkamudziwa kale kumaenje. Anaona kabokosi kamene ndinakafungatira, anaona chithunzi cha mawaya pachivundikiro, n'kuyamba kutsinana.

"Mano Armandu, achimwene athu, munati munasiya golide. Nanga makina ofufuzira miyalawa ndi a chiyani?"

Ndinawauza kuti ndi a msana wa amayi. Anaseka mpaka wina anatsala pang'ono kugwa.

"Epa, nzeru zimenezo! Kutenga agogo kuti apolisi asakayike. Ife tikumbe, inu muziloza, tigawane pakati."

Ndinalumbira, ndinawaonetsa giya, koma iwo anati kalatayo ndiye umboni woti ndakonzekera bwino. Mpaka lero alipo ena ku Fingoe amene amakhulupirira kuti ndili ndi makina onunkhiza golide.

Msewu umenewo ndi wa miyala ndi mabampu. Galimoto ikadumpha, ndinkamva a Naphiri akukoka mpweya m'mano. Sanalire, sanadandaule. Koma kamvekedwe kameneko kankandilasa kuposa kulira.

Titayandikira mtsinje wa Kapoche, dzuwa litapendeka, tinamva phokoso pansi, galimoto n'kupendamira mbali imodzi. Mola, chitsulo chonyamula kulemera kwa galimoto, inali itathyoka. Motorista anatsika, anayang'ana, anatukwana msewu, anatukwana matumba, anatukwana amene anamugulitsa galimotoyo. Amuna tonse tinatsitsa katundu. Anadula mtengo, anaumangirira ndi mphira, tinakwezanso katundu, tinayenda mtunda woti munthu ungaponye mwala, mtengo n'kuthyoka. Tinatsitsanso.

Patapita nthawi kunabwera kagalimoto kena kopita ku Bene. Anthu anakanganirana, aliyense kupeza pokhala m'mphepete, miyendo ili lende. Kwa munthu wofunika kugona kunalibe malo. Motorista wathu anakwera kuti akafune chitsulo china. Anyamata a golide anakwera. Dona Fatima anakwera komaliza, n'kutikuwira galimoto ikunyamuka kuti, "Muzikondana choncho, ana anga!" Kobradori anayala katoni pansi pa lole, ndipo posakhalitsa anali akuliza mkonono.

Tinatsala atatu pansi pa mtengo wa mtondo: ine, apongozi ndi nkhuku. Iwo anagona chammbali pakapulana, ine ndinakhala pamwala nditafulatira. Kunali zii, kupatula nyenje. Ndinamasula nkhuku mwendo umodzi n'kuimwetsa madzi pachivundikiro cha botolo. Ndiyeno ndinamva mawu kumbuyo kwanga.

"Iwe nkhuku."

Ndinaima mutu. Sindinatembenuke.

"Iwe nkhuku, uwauze kuti atsegule kabokosiko tiyesere pompano. Ine ndatopa."

Ndinayang'ana nkhukuyo, iyo n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. Ndinatsokomola.

"Nkhuku, uwauze amayi kuti enfirimera analetsa. Komanso uwafunse kuti amata ndani, poti iwe manja ulibe."

Atayankhanso, mawu awo anali otsika, opanda ukali uja ndinauzolowera kumva kuseri kwa nkhokwe.

"Ndiye uwauze kuti ine ndabwerera. Galimoto yoyamba yopita ku Fingoe ndikwera. Fupa ili lakhala ndi ine zaka zinayi, lidzapita nane kumanda. Dimba apatse wina. Ndisafere pamsewu ngati galu chifukwa cha kawayilesi ka Domingu."

Apa ndinachita mantha enieni. Ndinadziwa kuti akakwera galimoto yobwerera, sadzayesanso. Lachinayi likapita, mvula ibwera, ndipo a Naphiri adzathera pakhonde akuyang'ana nsenjere. Ndinagwira nkhuku ija ndi manja awiri ngati ingathawe ndi mawu anga.

"Nkhuku, uwauze kuti tayenda kale njira yoipa, yatsala ya phula. Uwauze kuti Lusiya amalira akawaona akudzuka chokwawa. Mwana akubwerayu adzafuna msana wa agogo ake. Uwauzenso kuti mbewu ya tomato ija anasunga m'chibade pamwamba pa khomo, ine ndinaiona. Munthu wosiya dimba sasunga mbewu."

"Uwafunse kuti iwo zikuwakhudza chiyani. Mawa golide akamveka kwina, sitidzawaonanso."

Mawu amenewo ndinali nditawamva kambirimbiri kudzera mwa Lusiya, koma kudzera mwa nkhuku anawawa kwambiri.

"Uwauze kuti golide anamveka kale, kawiri konse. Anzanga anabwera usiku ndi masana kudzanditenga. Ine ndinatsala ndikupalira chimanga chawo. Sindikudziwa kuti mame amakhala zaka zingati kwawo kuno, koma kwathu ku Angoniya safika ngakhale masana."

Nkhuku inajompha nyerere. Ndiye, ngati kuti Satana amamvetsera, kunamveka injini kuchokera kutsogolo. Inali lole yopita ku Fingoe, yopanda katundu, kumbuyo kuli anthu awiri okha. Inaima. Motorista wake anatulutsa mutu n'kufunsa ngati alipo wobwerera. Ine ndinayang'ana pansi. Ndinamva a Naphiri akudzuka pang'onopang'ono, akubuula, mpaka anaima. Anayang'ana loleyo nthawi yaitali.

"Iwe nkhuku," anatero, "uwauze ailole ipite. Yadzaza kale imeneyo."

Tinagona pomwepo, iwo pamatumba, ine pansi pafupi ndi kobradori. Motorista wathu anabwera Lachitatu dzuwa litakwera, ali ndi chitsulo chakale chimene anati n'chatsopano. Anachimanga, tinakweza katundu, tinapita.

Ku Bene tinalowa phula, ndipo ndinachita manyazi ndi lonjezo langa, chifukwa phulalo linali ndi maenje oti mwana angabisalemo. Komabe linali bwinoko. Pafupi ndi Manje apolisi anatiimitsa kuti aone makalata. Mmodzi, wamimba yaikulu, analoza kabokosi kanga n'kufunsa kuti muli chiyani. Ndinatsegula, ndinafotokoza, ndinaonetsa giya. Anawerenga mofatsa, kenako anagwira m'chiuno mwake.

"Pano pomwe? Pamene pamawawa ukaima tsiku lonse?"

Ndinati mwina. Anandikokera pambali n'kundiuza kuti pobwerera ndidzamuuze ngati kagwira ntchito, chifukwa naye zaka ziwiri sagona chagada. Anathandiza kukonza matumba a apongozi ndi manja ake. Tinaoloka Zambezi madzulo, kutentha kwa ku Tete kutatilandira ngati ng'anjo ya njerwa, ndipo tinakagona kwa msuweni wa Lusiya.

Lachinayi m'mawa, pachipata cha chipatala, mlonda anatiimitsa. Anati odwala alowe, operekeza alowe, koma nkhuku ayi. Ndinamuchonderera kuti nkhukuyi si nkhuku wamba, koma nditayesa kufotokoza ntchito yake anandiyang'ana ngati wofunika kupimidwa ndine. Tinaisiya kwa mayi wogulitsa nthochi panja. Tinalowa awiri, opanda mneneri.

Tinadikira pamzere mpaka cha m'ma teni, a Naphiri ataimirira chifukwa benchi inali yolimba. Atatiitana tinapeza dotora wachitsikana, wa ku Nampula, wansangala. Anatipatsa moni m'Chipwitikizi, a Naphiri anayankha "bom diya," ndipo Chipwitikizi chawo chinathera pomwepo. Dotora sankadziwa Chinyanja, ndipo mnzake amene ankamasulira anali kumaliro. Anandifunsa ngati ndimalankhula Chipwitikizi. Ndinavomera, poti ndinafika sitandade ya chisanu ndi chimodzi. Anati basi, ndimasulire ndine.

A Naphiri anayang'ana uku ndi uku kufuna wachitatu. Pakona panali chifanizo cha mafupa a munthu, chapulasitiki, chopachikidwa pachitsulo. Anachiyang'ana, n'kuyamba.

"Inu a mafupa, muwauze awauze adokotala kuti..."

Dotora anandifunsa kuti amayi akulankhula ndi ndani. Nditamufotokozera anaseka, koma mosanyoza. Anati kwawonso agogo ake ankathawa akamwini awo mpaka kugwera m'munda wa chinangwa. Anakoka nsalu yotchinga, amayi mkati, ine kunja, ndipo ntchito inayamba. Ine amene ndinayenda masiku atatu ndikufunafuna wondinenera, tsopano mneneri ndinali ine, ndipo mawu ake anali a malo amene mkamwini satchula. Ndinatuluka thukuta. Pamene dotora ankatchula thako mosabisa, ine ndinkati "chapokhalira," ndipo ndikuganiza kuti Dona Fatima akanandinyadira.

Dotora anawauza kuti aloze ndi chala chimodzi pamene pamawawa. Analoza. Anawagoneka, anawapinda mwendo uku ndi uku, anakanikiza mafupa a m'chiuno, ndipo kangapo ndinamva "mayo!" kuseri kwa nsalu. Anafunsa ngati ali ndi kachipangizo ka mtima, kapena zilonda pamalopo. Pomaliza anati zizindikiro zonse zikuloza mfundo ija, yolumikiza msana ndi chiuno.

Anafotokoza za kamakina, ine ndikumasulira chiganizo ndi chiganizo. Mitsempha, anati, ndiyo imanyamula uthenga wa ululu kupita kumutu. Kamakinaka kamatumiza magetsi ochepa kudzera pakhungu, mitsempha n'kutanganidwa ndi kunyerenyetsako, uthenga wa ululu n'kumafika mofooka. Ananena mosabisa kuti sikachiza fupa, ndipo ena kamawathandiza, ena ayi. Kumaiko ena madokotala amalowetsa kawaya kopyapyala pansi pa khungu pafupi ndi mitsempha yeniyeniyo, koma ife tiyambe ndi chimene tili nacho, pamodzi ndi lamba womanga m'chiuno ndi masewera olimbitsa minofu amene atiphunzitse.

Anamata tizigamba, anayatsa.

"Nyerere!" anakuwa a Naphiri. "Muli nyerere m'kati!"

Sanatchule mafupa, sanatchule nkhuku, koma ndinati mwina n'kudzidzimuka chabe. Ndinamasulira. Dotora anati nyererezo ndiye ntchito yake, azisiye ziyende. Tinadikira pafupifupi theka la ola. Kenako ndinamva bedi likulira, mapazi akugunda pansi, popanda kubuula kuja ndinakuzolowera. Dotora anafunsa kuti pali bwanji.

"Sipanathe," anatero a Naphiri. "Koma pachepa. Pali ngati pakuwawa kwa munthu wina."

Ndinamasulira mawu amenewo mmene analili.

Dotora anatsegula nsalu amayi atavala, n'kufunsa funso limene tonse tinkaliopa. Kumudzi adzamata ndani? Malowo mwini wake sangawaone, ndipo tizigamba tikalakwika malo palibe chimene tingachite. Anati ndibwere ndione pamsana pa amayi. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka ndinagunda mafupa apulasitiki aja. Ndinati mkazi wanga ndiye adzamata, koma ali ku Chiputo, ndipo ine kuyang'ana pamenepo ndiye bola andimange.

Dotora anaganiza pang'ono, akugogoda cholembera pamano.

"Pronto, njira yapezeka. Vulani malaya inuyo. Ndiphunzitsira pamsana panu, ndilembapo pomata, mkazi wanu akakopera pamenepo. Iye azingomata, asakayese pathupi pake ali ndi pakati. Amayi agwire makina, aphunzire kutembenuza okha kabatani ka mphamvu."

Taganizani. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuthawira kutchire kuti apongozi asaone nkhope yanga, lero ndagona chafufumimba pamaso pawo, malaya kulibe, buluku latsitsidwa pang'ono. Dotora anapapasa mafupa anga, anajambula timizere tinayi tozungulira ndi cholembera chakuda, anamata tizigamba, n'kupereka kamakina m'manja mwa a Naphiri. Anati ndiwauze atembenuze pang'onopang'ono. Ndinauza khoma. Kaya khomalo silinapereke uthenga bwino, kaya zala zozolowera khasu sizidziwa pang'ono, kaya panali mangawa a mumtima, sindikudziwa. Anapotokola kamodzi n'kamodzi.

Ndinadumpha ngati nsomba yoponyedwa pamchenga. Ndinakuwa dzina la amayi anga ondibereka, amene ali ku Angoniya. Dotora anathamangira kuchepetsa. Ndiye ndinamva chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo pafupi chonchi. A Naphiri ankaseka. Anaseka mpaka anagwira bedi, misozi ili mbwe.

"Bambo a Rozita," anatero akupukuta m'maso, "gonani bwino, sindinamalize kuphunzira."

Ndinayang'ana kukhoma, ndinayang'ana kwa mafupa. Ayi ndithu, ankauza ine.

"Chabwino, amayi," ndinayankha. "Koma pang'onopang'ono."

"Mwamuna wokumba maenje kuopa nyerere?"

Anaphunzira mpaka anadziwa. Dotora anatiphunzitsa masewera aja, anatiuza nthawi yoyatsa ndi yopumitsa, kuti khungu likhale louma, ndi tsiku lodzabweranso mvula ikatha. Kwa ine anapereka lamulo limodzi, ndisasambe kumsana mpaka Lusiya ataona zolembazo. Ndinasanduka kalata, ndipo kalata yake inayenera kuyenda masiku awiri m'kutentha kwa ku Tete osanyowa.

Titatuluka pachipata tinapeza nkhuku yathu ili pansi pa tebulo la nthochi, ikujompha makoko. A Naphiri anawerama okha n'kuinyamula. Ine, posadziwa ngati chilolezo chija chinathera m'chipinda cha dotora, ndinalankhula moyang'ana pansi.

"Amayi, tayiwala. Nkhuku ya adokotala."

"Adokotala amalipidwa ndi boma," anayankha. Anamasula luzi kumiyendo, anaisisita nthenga, kenako anaigwira ndi manja awiri n'kuitambasulira kwa ine, pamsewu pomwepo, pakati pa mota ndi ogulitsa madzi. "Ndinauza Lusiya choncho kuti asakuuzeni. Ndinati ndikaone kaye ngati mame angafike ku Tete. Landirani, mwananga."

Ndinagwada pafumbi n'kulandira. Ndinalira, sindibisa, ndipo mayi wa nthochi anaganiza kuti dotora watiuza zoipa.

Pobwerera tinakhala moyandikana pamatumba, ndipo msewu ndinauona chakutsogolo. Wapolisi wa ku Manje ndinamuuza zoona, kuti kamachepetsa koma apite akapimidwe kaye. Kumudzi Lusiya anandigoneka pamphasa n'kuwerenga msana wanga atatseka mphuno, ndipo anakopera bwinobwino.

Nkhukuyo sindinaiphe, imadziwa zambiri. Ululu wa a Naphiri ulipobe, masiku ena umabwerera ndi ukali wake wonse. Koma nsenjere tinazula, mbewu ya m'chibade inafesedwa, ndipo m'mawa uliwonse amalima mizere yawo iwiri kapena itatu, kamakina kali m'thumba la pachiuno, mawaya akutuluka pansi pa bulauzi. Ndinadikira zaka zisanu ndi chimodzi kuti andilankhule, ndipo tsopano akubweza zonse ndi chiwongoladzanja cha mawu: ndalima mokhota, ndathirira mochedwa, mwana ndamunyamula ngati thumba. Dzulo lomweli ndili kumunda kwanga ndinamva mawu akuchokera kudimba, okweza moti mudzi wonse unamva.

"Bambo a Rozita! Mabatire atha! Mukufuna nditume nkhuku?"

Ndinasiya khasu n'kuthamanga.